Malile a Amuna Anga

Amuna anga, a Yeremiya, amene ine ndimawaitana pa mfunda wawo kuti aKwenda, anagwira ntchito ya m'maluwa ku mishoni zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ankabwera kumudzi kamodzi pamwezi, kugona masiku awiri n'kubwerera. Ine ndinkatsala kuno kwathu, m'mapiri a kum'mawa kwa Dowa kufupi ndi malire a Ntchisi, kulera ana athu anayi ndi kulima munda umene amayi anandisiyira. Sindinkadandaula. Anali munthu wosamwa, wosamenya, wopita kutchalitchi Lamulungu lililonse. Vuto lawo ndinalidziwa atasiya ntchito.

Mu 1971 dona amene ankamugwirira ntchito anabwerera kwawo, ndipo aKwenda anabwera kudzakhazikika pakhomo. Amuna ena akasiya ntchito kwa azungu amabwera ndi njinga, kaya makina osokera, kaya jekete lokhuthala. Anga anatsika basi ndi kheni yothirira ndi chiguduli chodzaza theka. Nditamasula chigudulicho ndinapezamo zinthu zonga mbatata za koko, zamatope, zina zitayamba kale kuphukira. Ndinafunsa ngati n'zophika kapena zootcha. Anandilanda msangamsanga n'kundiuza kuti ndi mbewu ya maluwa, amene dona ankawatcha kala lile. Akuti donayo potsanzika anawauza kuti asankhe chilichonse chimene akufuna pa nyumba yonseyo, iwo n'kusankha zimenezi. Ndinawafunsa kawiri ngati anamvadi bwino kuti pa nyumba yonse. Anati anamva bwinobwino.

Dzina lachizungulo linatikanika, tinangoti malile, ndipo mudzi wonse umatero mpaka lero.

Nyumba yathu ili pamtunda, pa katondo wofiira amene mvula ikangosiya amauma gwa ngati njerwa. AKwenda anakumba bedi kumaso kwa khonde, anathiramo manyowa owola a ng'ombe, n'kukwirira mbatata zawo poyeza kuya kwake ndi chala. Mvula itabwera zinamera zonse, masamba aakulu osongoka ngati mkondo. Anandiuza kuti ndidikire nthawi yozizira, cha mu Julaye kapena Ogasiti, ndidzaona chinthu chimene maso anga sanaonepo. Koma pofika Meyi dothi linauma, masamba aja anayamba kuchita chikasu n'kugona pansi. Apo m'pamene anandifotokozera kuti malile amafuna kuti mizu yawo izikhala pachinyontho nthawi zonse, ndipo ku mishoni anali m'mbali mwa ngalande yochokera pampopi. Ndinafunsa chifukwa chake sananene zimenezi asanakumbe bedi pamwamba pa phiri. Anati ankaganiza kuti azolowera.

Sanazolowere. Amene anayenera kuzolowera ndife. Chitsime chathu chili m'munsi mwa phiri, ndipo aKwenda anayamba kutsikako m'mawa ndi madzulo, maulendo anayi kapena asanu, kheni m'manja, kukaima pamzere pamodzi ndi amayi. Pachitsime ndi pamene ife amayi timalankhulira zathu. Mwamuna akaima pamenepo aliyense amatseka pakamwa. Patangotha sabata ziwiri amayi atatu anabwera kwa ine kudzandifunsa ngati ndikudwala, popeza amuna anga ndiwo akutunga madzi. Nditawauza kuti madziwo si anga koma a maluwa, anangoyang'anana. Mmodzi anandigwira paphewa ngati mmene timachitira pamaliro.

Chaka chimenecho duwa silinatuluke. Chaka chachiwiri masamba anapirira mpaka Seputembala chifukwa cha kheni ija, koma duwa ayi. AKwenda anaimba mlandu mtengo wa mango umene amayi anga anadzala, kuti ukutchinga dzuwa la m'mawa. Ndinawakaniza kuukhudza. Anavomera mwaulemu, koma tsiku lina ndikuchokera ku Chigwirizano ndinapeza nthambi ziwiri zazikulu zili pansi, iwo akunena kuti sanadule mtengo, angoupepuza. Chaka chachitatu anatapa feteleza wa fodya m'thumba n'kuwaza pabedi paja. Masamba anakula mpaka m'chiuno, obiriwira mochita kuda, moti anthu odutsa ankaima kuwayang'ana. Duwa ngakhale limodzi silinaoneke. Iwo eni anandiuza pambuyo pake kuti ankadziwa kale zoti feteleza wotere amangonenepetsa masamba, dona anawauzapo.

“Nanga munathiriranji?” ndinafunsa.

“Ndimafuna ndione ngati ankanena zoona.”

Malo okhawo onyowa chaka chonse kwathu kuno ndi kudambo, ndipo dimba la kumeneko lili m'manja mwa alongo anga a Abrahamu, amene ndiwo eni mbumba yathu. Amalimamo kabichi, tomato ndi nzimbe, ndipo m'mphepete monse anadzala koko. AKwenda pano ndi akamwini, alibe dothi lawolawo. Tsiku lina anavala malaya a kutchalitchi n'kupita kukapempha kachigawo kakang'ono, kotalika mapazi khumi okha. A Abrahamu anafunsa ngati malilewo amadyedwa. Anati ayi. Anafunsa ngati ndi mankhwala a matenda ena ake. Anati ayi. Anafunsa ngati mbuzi zimadya masamba ake, aKwenda n'kuyankha monyadira kuti ngakhale mbuzi sizikhudza.

“Alamu,” anatero a Abrahamu, “ndimakulemekezani. Koma dothi la kudambo ndi la zinthu zolowa m'mimba.”

Ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, ndipo mumtima ndinawathokoza alongo anga. Sindinadziwe kuti amuna anga, munthu amene sanabepo ngakhale chimanga chimodzi, anazula mbatata zisanu ndi zitatu pabedi paja n'kukazikwirira mobisa pakati pa koko wa a Abrahamu. Masamba a malile ndi a koko amafanana kwa munthu amene sakuyembekezera chachilendo, ndipo iwo anadalira zimenezo. Sanaganizeko kuti masamba a koko anthu amathyola ndiwo.

Linali Lachitatu masana, mu 1974, pamene ndinamva phokoso kunyumba kwa alongo anga. Ndinathamangirako n'kupeza akazi awo, alamu anga a Eveline, atagwada kuseri kwa khitchini akulavula, misozi ili chuchuchu, milomo itatupa. A Abrahamu anali atagwira pakhosi akuzungulirazungulira pabwalo, akuloza m'kamwa koma mawu osatuluka. Mwamwayi ana anali asanabwere kusukulu, ndiwozo anali atalawa awiri okhawo. A Eveline anandilozera zotsalira za masamba amene anathyola m'mawa. Ndili kuziyang'ana, aKwenda anafika. Anatola phesi limodzi, analitembenuza, analinunkhiza. Kenaka, pamaso pa anthu onse amene anali atasonkhana, funso loyamba kutuluka pakamwa pawo linali lakuti, “Mwathyola pa mapando angati?”

Sanayambe ndi kufunsa kuti anthu ali bwanji. Ndimawakumbutsabe zimenezi, iwo amati anafunsa kuti adziwe kuchuluka kwa zimene anadya. Ine ndinalipo, ndinaona nkhope yawo.

Tinawatengera onse awiri kuchipatala chaching'ono cha kuno, kumene anawapatsa mankhwala n'kunena kuti kutupako kuphwa kokha. A Abrahamu anatha masiku awiri osalankhula bwino, ndipo ndikhulupirira kuti chimenecho n'chimene chinapulumutsa banja langa, chifukwa pamene lilime linamasuka ukali unali utachepako. Koma m'mudzi nkhani inali itafala kale yakuti mkamwini amafuna kupha mwini dimba kuti alande malo. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri anakhala pansi tsiku lathunthu. AKwenda anavomera kulakwa, ndipo anagamulidwa kuti apepese ndi nkhuku ziwiri. Iwo analibe nkhuku. Zinapita zanga, thadzi loikira ndi tambala.

Chimene sindinayembekezere chinachokera kwa a Eveline. Anthu atatsala pang'ono kubalalika, anapempha kulankhula, mawu akadali osasa. Anati akuwadziwa alamu awowa, sasiya. Mukawaletsa kudambo akadzala kumtsinje, mukawaletsa kumtsinje akadzala kwina kumene wina adzathyolanso. Kuli bwino apatsidwe malo oonekera, pamatope paja pamene madzi otayika pachitsime amatsikira, amangepo mpanda, ndipo mwana aliyense auzidwe kuti za mumpandamo si ndiwo. Sanachite zimenezi chifukwa chokonda maluwa. Anandiuza okha kuti ankangofuna kumadya masana opanda mantha. Amayi a pachitsime anavomera, koma anaika mfundo ziwiri: aKwenda ayale miyala pamatope pamene tinkaterereka, ndipo asadzapezekenso pamenepo nthawi yotunga madzi.

Apa ndiyenera kunena zoona, ntchito amaidziwa. Anayala miyala bwino lomwe, anakumba kangalande kokhotakhota kuti madzi aziyenda pang'onopang'ono osaima, anamanga mpanda wa bango. Malowo amaomba dzuwa m'mawa, masana mkuyu umaponyapo mthunzi. Sanathirenso feteleza, koma masamba owola okhaokha amene ankakatola kunkhalango. Anasamutsa mbatata zonse, za pakhonde ndi zimene a Abrahamu anazula n'kutaya kunja kwa dimba. Chaka choyamba pamalo atsopanowo panatulukanso masamba okha. Anati mbewu zikasamutsidwa zimayamba zanyanyala. Ndinawauza kuti si mbewu zokha zimene zimadziwa kunyanyala.

Mu Ogasiti 1976, m'mawa wina wozizira, ndinali kuzira pakhonde pamene aKwenda anakwera phiri akupuma mwawefuwefu. Anandiuza kuti ndisiye zonse nditsike. Ndinati ndimalize kaye dothi lisanaume. Anaima pomwepo osasuntha mpaka ndinanyamuka, manja ali matope okhaokha. Titafika anatsegula kachitseko ka mpanda n'kuloza. Pakati pa masamba panali chinthu chimodzi choyera, chopindika ngati fanulo yothirira parafini, m'kati mwake muli kachala kachikasu. Ndinawerama kununkhiza. Fungo panalibe.

“Ndi limeneli?” ndinafunsa.

Anati inde, koma ndidziwe kuti choyeracho si duwa kwenikweni, ndi tsamba chabe. Maluwa enieni ndi timadontho tating'onoting'ono ta pa kachala kachikasuko, timene munthu sangatione bwino ndi maso. Zaka zisanu, nthambi za mango a amayi, nkhuku zanga, dzina langa pachitsime, alongo anga kutsala pang'ono kutsamwa, zonsezo kuti ndidzaone tsamba lina. Ndinabwerera kukazira, ndinapeza dothi litauma. Sindikana kuti masana popita kotunga madzi ndinasuzumiranso mumpandamo, ndipo kuyera kwake kunali kwa mtundu wina, kosafanana ndi kwa nsalu kapena kwa ufa. Koma sindinawauze.

Pofika pakati pa Seputembala anali makumi awiri ndi atatu. AKwenda ankawawerenga m'mawa uliwonse n'kudzandiuza nambala ndisanafunse. Anthu a midzi yoyandikana ankapatuka kudzaona. Ngakhale a Abrahamu anaima tsiku lina kunja kwa mpanda, manja kumbuyo, n'kunena kuti ndi abwino ndithu kuwaonera patali.

Mwezi womwewo kunali msonkhano wa chipani pabwalo la sukulu, ndipo kunkabwera mlendo wochokera kuboma. Tcheyamani wa nthambi yathu, a Petulo, anafuna kuti tebulo la mlendo likongole. Sanapemphe. Anatuma achinyamata a chipani ndi zikwakwa, aKwenda ali kumunda kukasosa. Anadula onse, ngakhale amene anali asanamasule, ndipo polowa ndi potuluka anapondaponda masamba n'kugwetsa mbali imodzi ya mpanda. Kumsonkhanoko tonse tinayenera kupita, ndipo amuna anga anakhala pansi padzuwa maola atatu akuyang'ana malile awo ali m'zitini patebulo. Pomaliza mkazi wa mlendo uja anawakumbatira onse n'kukwera nawo galimoto. Titafika pakhomo ananena chinthu chimodzi chokha, chakuti a Petulo akanawauza, iwo akanawadulira okha, chifukwa lile sadulidwa pakati pa phesi. Masiku amenewo zinthu zotere munthu sunkadandaula kwa wina aliyense, ndipo ndinathokoza kuti anazinenera m'nyumba.

Mu Malichi chaka chotsatira a Petulo anabwera okha pakhomo pathu. Anakhala pampando, anatipatsa moni, n'kunena kuti mlendo uja akubweranso Loweruka, ndipo akazi ake anakondwa kwambiri ndi maluwa oyera aja. Akufunika makumi atatu. AKwenda anafotokoza mwaulemu kuti nyengo ino kulibe, mbewu zikupuma, adikire nthawi yozizira. A Petulo anati nkhani ya kupuma sakuidziwa, iwo alonjeza kale kuboma. AKwenda anabwerezanso. A Petulo anakweza mawu pang'ono n'kunena kuti limeneli si pempho. Ine ndinali pamphasa chapafupi ndikusenda nyemba, ndipo ndinaona khosi la amuna anga likuuma monga limachitira.

“Pepani a tcheyamani,” anatero, “maluwa sagula khadi la chipani. Sadziwa kuti Loweruka kuli msonkhano.”

Anthu ankatengedwa chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewo, ndipo ena a iwo sitinawaonenso kwa zaka. A Petulo anaimirira, anavala chipewa, n'kuchoka osatsanzika. Nditawafunsa aKwenda ngati akudziwa chimene achita, anati sananame, ndipo anandifunsa ngati ine ndinaonapo duwa lili ndi khadi.

Ndinatsika kwa alongo anga, ndipo tsiku lomwelo ine, a Abrahamu ndi a Eveline tinapita kwa a Petulo. A Abrahamu anaphunzira nawo limodzi sukulu ya mishoni ali ana, ndipo anayamba ndi kuwakumbutsa zimenezo. Kenaka anati mlamu wawoyo si munthu wa ndale, ndi munthu amene mutu wake unalowa maluwa, ndipo umboni wake ndi iwo amene anatsala pang'ono kufa nawo. A Eveline anafotokoza za milomo yawo. Ine ndinagwada. A Petulo anatisiya tikudikira nthawi yaitali, kenaka anati nkhaniyo saipititsa pamwamba, koma mwini wake apepese pamaso pa anthu onse pa msonkhano wa nthambi. Za Loweruka lija tinazikonza ine ndi a Eveline, tinayenda m'tchire ndi m'makomo mwa anthu kuthyola duwa lililonse limene tinapeza, ndipo mlendo sanafunse kanthu.

Sabata yonse ndinawaphunzitsa aKwenda zokanena. Mawu ochepa: ndinalakwa, ndinalankhula mosaganiza, ndikhululukireni, basi n'kukhala pansi. Tsikulo anaimirira, chipewa m'manja, ananena ndendende mmene tinagwirizanirana, ndipo mtima wanga unakhala pansi. Koma iwo sanakhale pansi. Anati kuti anthu amvetse chimene chinawalakwitsa, afotokozeko pang'ono za mmene malile amakhalira. Anayamba ndi kuya kwa dzenje. Anapita ku chinyontho, kusiyana kwa madzi oyenda ndi madzi oima amene amaoletsa mbatata. Anafika pa dzuwa la m'mawa, pa kuipa kwa feteleza wa fodya, pa chifukwa chake mbewu imayenera kupuma kuti idzabereke. Dzuwa linali pamutu. Ana anayamba kulira, amuna ena akuwodzera. A Petulo anakodola amayi kuti ayambitse nyimbo, ndipo tinaimba ndi mphamvu zathu zonse, ine patsogolo. AKwenda anadikira mwaulemu mpaka nyimbo inatha, n'kupitiriza pomwe anasiyira, pa kagawidwe ka mapando akachulukana. Pamenepo a Petulo anaimirira n'kulengeza kuti chipani chamva, chakhululuka, bamboyo akhale pansi. Kuyambira tsiku limenelo sanabwerenso kudzafuna maluwa, ndipo akakumana ndi amuna anga panjira amapereka moni akuyenda.

Papita zaka zinayi tsopano. Malile anachulukana mpaka mpanda unakuzidwa kawiri. Chaka chilichonse kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala amakhala patebulo la kutchalitchi, odulidwa ndi eni ake Loweruka madzulo, ndipo pakakhala ukwati kapena maliro anthu amabwera kudzapempha. Amawapatsa, koma wopemphayo amayenera kumva kaye malangizo onse a madzi a m'botolo. Akagawa mapando amayenda ndi mbatata zotsala khomo ndi khomo, ndipo ndikudziwa mabanja awiri amene amatseka chitseko akawaona akubwera ndi chiguduli. Ndinayamba kuganiza kuti mwina tsopano tikalamba mwamtendere.

Mwezi watha kunabwera a Alexio, dalaivala wa lole imene imanyamula mabelo a fodya kuno. Ataona mpanda uja pachitsime anatchula, mongocheza, kuti pa nyumba ina ku Dedza anaonapo maluwa otere koma achikasu. AKwenda anawafunsa mafunso mpaka lole inachedwa kunyamuka. Akuti achikasuwo khalidwe lawo ndi lina, safuna matope, amafuna dothi lotaya madzi ndi miyezi ingapo youma, ndiye kuti zonse zimene taphunzira m'zaka khumi sizigwira ntchito, tiyambiranso.

AKwenda ananyamuka Lolemba kupita ku Dedza, pakati penipeni pa ntchito yosankha fodya, chigafa chili chodzaza. Anati masiku awiri okha. Lero ndi Lachisanu. Ndikusankha ndi a Abrahamu, amene abwera kudzandithandiza ndipo sanasiye kung'ung'udza chifikire. M'mawa uno kondakitala wa basi wabweretsa uthenga wapakamwa: nyumba ija aipeza, maluwa awaona ndi maso awo kudzera pampanda, koma mwini wake anapita ku Lilongwe ndipo wantchito wakana kukumba popanda chilolezo. Tsiku lobwerera mwiniyo silikudziwika. AKwenda akuti ndisadere nkhawa, akudikira.